Pepala Loyera la Mkamwini wa Mayi a Zipi

Mayi a Zipi, telala wa pakhonde la sitolo ya penti, ndi munthu amene mumsewu wathu aliyense amamupatsa moni, koma ochezera naye ndi ochepa. Anthu amawalemekeza monga mmene amalemekezera sikelo yolungama: amaikhulupirira, koma saikonda kwenikweni. Dzinalo analipeza chifukwa cha luso lawo lodzutsa mazipi a mathalauza ndi a zikwama amene atelala ena anali atawalephera. Ndi mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo poti mapini sachoka pakamwa pawo, anazolowera kuyankha ndi mutu. Miseche imafika pakhonde pawo tsiku ndi tsiku, pakuti munthu akamayezedwa m'chiuno lilime limamasuka, koma palibe anamvapo nkhani itachoka pakhondepo n'kupita kwina.

Ine ndinakulira m'nyumba yoyang'anana ndi yawo, ndipo yunifolomu zanga zonse zakusukulu anasoka ndi iwo. Nditabwerako ku yunivesite ndi digiri ya kayendetsedwe ka boma, anayamba kunditchula kuti a Digiri, dzina limene sindinalikane chifukwa ndi loona.

Mwa ana awo atatu, amene anatsala pakhomo ndi wamkazi womaliza, yemwe tonse timangomutchula kuti Mzime. Amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Chaka chatha Mzime anabweretsa mwamuna woti amange naye banja, mmisiri wa zamagetsi amene anali atangosamukira m'dera lathu. Wamagetsiyo anakondedwa msanga. Anali waulemu, wopatsa moni ndi manja awiri, ndipo panalibe nyumba mumsewu wathu imene sanaikonzerepo soketi kapena switchi n'kukana malipiro. Amalume ake a Mzime, mchimwene wawo wa Mayi a Zipi, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, ankati mkamwini wotere umachita kumumangirira pampando kuti anzako asakulande.

Diresi laukwati Mayi a Zipi anati asoka okha. Tsiku loyeza anamuimika Mzime pakati pa chipinda chochezera, namuuza avule juzi. Atazunguliza tepi pamkono, anaona pamwamba pa chigongono madontho akuda ondondozana, ndi lina lalikulu kuseri kwake. Telala amadziwa mmene dzanja limagwirira nsalu, ndipo amadziwanso mmene limagwirira mkono.

"Apa pachitika chiyani?"

"Ndi chitseko cha minibasi, amayi."

"Chitsekocho chili ndi zala?"

"Mwayambatu. Yezani, ndichedwa kuntchito."

Anayeza, nalemba manambala ndi choko pathabwa la makina.

Pasanapite nthawi, mayi wina wogulitsa zikwama anabwera ndi katundu wofunika mazipi. Ali chikhalire pabenchi, Wamagetsi anadutsa ndi makwerero paphewa n'kupereka moni wake wa manja awiri. Mayiyo anamutsatira ndi maso mpaka pakona.

"Ameneyu ali kuno tsopano? Tinkakhala naye dera limodzi. Anamutenga apolisi m'mawa anthu tikuona, mkazi wake ali kuchipatala nsagwada itathyoka."

"Mkazi wake?"

"Ee, woyambayo. Kodi mukumudziwa?"

Mayi a Zipi analavulira mapini m'dzanja. Zoti munthuyo anakwatirapo ankazidziwa, pakuti iye mwini ananena kuti banjalo linatha chifukwa chosamvana. Za nsagwada sananene.

Madzulo a tsiku lomwelo anawoloka msewu n'kugogoda pakhomo pathu. Anakana kukhala pansi.

"A Digiri, munthu akamangidwa, boma limalemba?"

"Limalemba, mayi."

"Ndiye zolembazo zimakhala kuti? Ndikufuna ndikaone ndi maso angawa. Za m'kamwa mwa munthu wodutsa Mzime sangazimve. Koma pepala la boma, lokhala ndi chidindo, adzalimva."

Ndinawafotokozera mwadongosolo kuti malo ndi awiri: kupolisi, kumene munthu amalembedwa akagwidwa, ndi kukhoti, kumene mlandu umasungidwa ukazengedwa. Ndinalemba kalata yopempha, m'chilankhulo choyenera maofesi, ndipo iwo anasaina pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo. M'mawa mwake anatseka makina ndi nsalu, chinthu chimene sachita pakati pa sabata, ndipo tinanyamuka.

Tinayambira kupolisi ya dera limene Wamagetsi ankakhala kale. Chipinda cholandirira anthu chinali ndi kauntala yaitali, benchi imodzi, ndi njinga zogwidwa zounjikidwa pakona. Sajeni wa pakauntala anawerenga kalata yanga mpaka pansi, naitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli zina.

"Kalata yabwino. Walemba ndi inu, achimwene? Koma wodandaula ndani?"

"Palibe wodandaula, bwana," anatero Mayi a Zipi. "Ndikungofuna kudziwa ngati munthuyu anagonapo m'chitokosi muno."

"Ndi ndani wanu?"

"Akufuna kukwatira mwana wanga."

Sajeniyo anaseka, naitana mnzake amene ankadinda mapepala kuseri. "Tamva izi! Mayi, tikayamba kufufuzira apongozi za akamwini awo, mzere ufika kumsika, ndipo maukwati atha m'dziko muno. Ine ndemwe sindikanakwatira."

"Inu munathyolapo nsagwada ya munthu?"

Kuseka kunatha. Anatsitsa mawu n'kunena kuti zolemba za kupolisi sizipatsidwa kwa munthu wapadera, ngakhale atakhala ndi chifukwa chomveka, ndipo kuti ngati nkhaniyo inafika pamaso pa woweruza tikayese kukhoti. "Koma ngati mwana wanu akumenyedwa, abwere yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kukhoti anatilozera kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Munali mafayilo omangidwa ndi zingwe, ena pamashelefu, ena pansi, ena pawindo moti kuwala kunkalowa movutikira. Kalaliki wake anali mayi wa magalasi, wachifatse, amene anatimvetsera mpaka kumapeto.

"Nambala ya mlandu muli nayo?"

"Ayi."

"Chaka?"

"Sindikudziwa bwino. Papita zaka ndithu."

"Unazengedwa m'khoti lino, kapena lina?"

Mayi a Zipi anandiyang'ana, ndipo ine ndinayankha kuti zimenezo n'zimene tabwera kudzafufuza. Kalalikiyo anati milandu yoweruzidwa munthu aliyense angathe kupempha kuiona, koma mafayilo amasanjidwa potsata nambala ndi chaka, osati potsata dzina la mkamwini. Komabe anatichitira chifundo. Anatipatsa mpando, natsitsa mabuku a zaka zingapo, ndipo tinatsata mayina ndi chala mpaka maso anawawa. Tinapeza anthu awiri a dzina longa lake: wina anaba matayala, wina anali nkhalamba yokangana ndi mnzake za malire a mpanda. Wamagetsi munalibe.

"Paja amati mlandu suwola," anatero Mayi a Zipi, akupukuta fumbi m'manja.

"Suwola ukafika kuno," anayankha kalalikiyo. "Njira ina ndi pepala la kupolisi lija amafuna olemba ntchito, la zidindo za zala. Koma limenelo amapempha ndi mwini wake, ndi zala zake. Inu simungamutengere."

Pobwerera, m'basi, ndinawalangiza kuti asachite kanthu kufikira nditafufuza bwino zimene pepala limenelo limaonetsa ndi zimene silionetsa. Anavomera ndi mutu. Ndazindikira tsopano kuti mutu wa Mayi a Zipi umavomera kuti amva, osati kuti achita.

Lamlungu lotsatira anaitanitsa amalume, azakhali ake a Mzime, Mzime ndi Wamagetsi. Ine kunalibe, koma zimene zinanenedwa ndinazimva kwa iwo eni ndiponso kwa amalumewo, ndipo mbali ziwirizi zikugwirizana. Anthu atakhala pansi, Mayi a Zipi ananena mosazungulira kuti asanadule nsalu ya diresi akufuna mkamwini akatenge pepala la kupolisi.

"Achemwali, mwadya chiyani lero?" anafunsa amalume. "Munthu akufuna banja, inu mukumuyesa akufunsira ntchito yaulonda?"

"Ulonda womwewo, achimwene. Ndikumupatsa mwana wanga."

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anatero Mzime.

"Malemu alamu anga ndani anawapempha pepala?" anapitiriza amalumewo. "Mukamuthawitsa ameneyu, Mzime mudzamukwatira ndinu? Ndipo pepalalo likabwera lopanda kanthu, mudzafunanso chiyani, magazi ake?"

Apa m'pamene Mayi a Zipi analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa cha khalidwe lomwe lija anthu amawalemekezera nalo. Iwo amakhulupirira kuti chinthu chikayezedwa bwino, muyeso sunama. Anaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti: "Likabwera loyera, diresi ndisoka ndi manja angawa, ndipo pakamwa panga nditseka mpaka kumanda. Likabwera lakuda, ukwati palibe. Mwamva nonse."

Wamagetsi, amene nthawi yonseyi anakhala manja ali pamaondo, anamwetulira.

"Palibe vuto, amayi. Mawa lomwe ndipita. Kholo liyenera kusamala."

Amalume anawomba m'manja. Mayi a Zipi anandiuza pambuyo pake kuti kuvomera kwachanguko kunawaopsa kuposa mmene kukana kukanachitira.

Lolemba ndinapita ku ofesi yopereka mapepalawo, ndipo wapolisi wa pawindo anandiyankha momveka bwino. Pepalalo limanena ngati munthu anapezekapo wolakwa pamaso pa khoti. Kugwidwa, kugona m'chitokosi, ngakhale kutsegulidwa kwa mlandu, sizilembedwapo ngati mlanduwo sunafike pachigamulo. Ndinafulumira kukawauza. Ndinawapeza akusoka zipi ya chikwama cha sukulu, ndipo ndinawafotokozera kusiyana kwa kumangidwa ndi kupezeka wolakwa, kawiri, ndi zitsanzo. Makina anaima.

"Ndiye kuti munthu angathe kuthyola mnzake, n'kugona m'chitokosi, pepala n'kutuluka loyera?"

"Angathe, mayi, ngati wodandaulayo anatseka mlandu."

"Iyeyo akudziwa zimenezi?"

"Ndikuganiza kuti akudziwa."

Anayang'ana singano. "Madzi akatayika sawoleka, a Digiri. Ndalumbira kale."

Pepalalo litatuluka, Wamagetsi analibweretsa m'kathumba ka pulasitiki, masana, pakhonde pali anthu. Analipereka ndi manja awiri atawerama. Linali ndi chithunzi chake, chidindo chofiirira, ndi mzere umodzi wonena kuti palibe mlandu umene anapezekapo nawo wolakwa. Mwini sitolo ya penti analiwerenga mokweza. Amalume analitenga n'kuyenda nalo mumsewu ngati mbendera.

"Achemwali, kodi inuyo lanu lili kuti? Mwina ndinu amene muli ndi mbiri kupolisi!"

Anthu anaseka. Kwa masabata angapo anyamata a pamalo okonzera njinga ankati akaona mnzawo akulankhula ndi mtsikana, amakuwa kuti: "Zala wadinda?" Mayi a Zipi, amene moyo wawo wonse sanakhalepo nkhani ya mumsewu, anasanduka nthabwala. Mzime anasiya kudya nawo pamodzi. Ankabwera kuchokera kuntchito n'kulowa kuchipinda.

Mayi a Zipi akanatha kulekera pomwepo. Koma mayi wa zikwama uja atabweranso, anamufunsa kumene mkazi woyambayo ali, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze ndi cholembera. Tinamupeza kuseri kwa sitolo yochapa zovala, m'chipinda chotentha chodzaza nthunzi, akusita malaya a anthu. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Polankhula, pakamwa pake sipankatseguka mokwanira, moti mawu ankatulukira mbali imodzi. Mayi a Zipi atanena chimene tabwerera, iye anaimika simbi n'kuyang'ana kukhomo.

"Wakutumani ndi iyeyo?"

"Ayi, mwanangu. Ndine mayi wa amene akufuna kumukwatira."

"Pepani." Anatenga malaya ena n'kuwayala. "Anagona m'chitokosi, inde. Ine ndili m'chipatala, amayi ake anabwera n'kugwada pansi pafupi ndi bedi, anthu akuona. Abale anga nawonso anati ukamumangitsa udzadya chiyani, ntchito imuthera. Nditatuluka ndinapita kukatseka mlanduwo. Anandifunsa ngati wina wandikakamiza, ndinati ayi."

"Ungabwere kudzamuuza mwana wanga zimenezi?"

"Ayi."

"Nanga a Digiriwa atalemba, iwe n'kusaina?"

"Achimwene, bwezani cholemberacho m'thumba. Ndili pabanja lina, ndili ndi mwana, ndipo iyeyo sadziwa kumene ndimagwira ntchito. Ndikufuna zikhale choncho." Anaika simbi pakolala n'kukanikiza. "Muuzeni mwana wanuyo kuti amayamba ndi kugwira pamkono. Akamaliza amalira, n'kukugulira nsapato."

Tinabwerera kwathu. Tsopano Mayi a Zipi choonadi anali nacho, koma chopanda chidindo, ndipo pakamwa anali atadzitseka okha pamaso pa abale.

Kwa Mzime anaphwanya lumbirolo kamodzi kokha, pomuuza zimene tinamva kwa mkazi woyambayo. Anachita zimenezi ine ndilipo, chifukwa anafuna mboni yoti zimene akunena anazimvadi. Mzime anamvetsera ataimirira pakhomo la chipinda chake, chikwama chili paphewa.

"Munati likabwera loyera mutseka pakamwa."

"Ndinatero."

"Ndiye izi n'chiyani? Mwapita kukafukula mkazi amene anamusiya, mukuganiza anganene zabwino? Kupolisi mwapita, kukhoti mwapita, simunapeze kanthu. Munthu wadinda zala ngati wakuba chifukwa cha inu. Mukufuna chiyani, amayi? Ndikalambire pano ndikukutolerani mapini?"

"Nsapato zimene wavalazo anakugulira liti?"

Mzime anayang'ana pansi, kenako anandiyang'ana ine.

"Nanunso a Digiri, digiri yanuyo ndi yoyendera m'mabanja a eni?" Anatembenukira kwa mayi ake. "Mukapanda kusoka, ndikabwereka kwina. Koma mukatero musadzandifunenso. Ndikalowa m'nyumba mwake, kuno sindidzapondako."

Usiku umenewo Mzime anakagona kwa azakhali ake, ndipo anakhala komweko masiku angapo.

Ndinaganiza kuti Mayi a Zipi akana kusoka, ndipo kunena zoona ndi zimene ndinawalangiza, pakuti lumbiro lochitika munthu asakudziwa zonse silimanga. Anamvetsera, navomera ndi mutu. M'mawa mwake ndinaona nsalu yoyera itayalidwa pathebulo lodulira, iwo atawerama ndi sizasi. Anadula mosamala kuposa masiku onse. Anatumiza uthenga kwa azakhaliwo kuti Mzime abwere adzayese, ndipo Mzime anabwera. Sanakambirane za nkhaniyo. Anakambirana za kutalika kwa diresi ndi malo a mabatani.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, babu la pamwamba pa makina linayamba kuphethira, ndipo Wamagetsi anabwera ndi makwerero ake. Ndili pakhomo pathu ndinaona Mayi a Zipi atagwirizira makwererowo ndi manja onse awiri, nkhope itayang'ana m'mwamba, akulankhula. Analankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinawaonerapo akulankhula ndi munthu aliyense. Wamagetsi anamaliza kukonza babulo. Atatsika anapinda makwerero n'kuchoka, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatsanzike.

Ukwati unachitika, ndipo diresi linayamikiridwa ndi onse. Mzime amakhala ndi mwamuna wake kutsidya kwa msika. Amabwera kwa mayi ake Loweruka lililonse, ndipo nthawi zina amaseka monga kale. Nthawi zina amabwera atavala juzi kunja kukutentha, ndipo tsiku limenelo Mayi a Zipi sadya. Mwini nyumba wawauza kangapo kuti alowetse munthu wa lendi m'chipinda cha Mzime, koma iwo akana; bedi ndi loyala, ndipo kiyi wina anamupatsa Mzime kuti azisunga kuntchito, osati kunyumba. Anandipemphanso kuti ndiwaphunzitse mmene mlandu umatsegulidwira, kalata ya kuchipatala imatengedwa kuti, ndiponso kuti nambala ya mlandu munthu amaifunsa kwa ndani. Anabwereza zonsezo pamtima mpaka anazigwira.

Pamene ndinawauza kuti ndikulemba za iwo, ndinawafunsa chifukwa chimene anasokera diresi lija akudziwa zimene ankadziwa, ndiponso chimene ananena pansi pa makwerero. Anachotsa mapini pakamwa, nawabaya pakathumba kake limodzilimodzi, ndipo anati:

"Ndikanakana, akanapitabe, ndipo tsiku lomuthyola akanachita manyazi kuthawira kwa ine. Ndasoka kuti njira yobwerera kuno isamere udzu. Mkamwini uja ndinamuuza kuti woyambayo ndamuona, ndipo pakamwa pake ndapaona. Ndinati, bambo, pepala lanu ndi loyera chifukwa amayi anu anagwadira munthu wofewa mtima. Mukadzangoyerekeza pa mwana wanga, amayi anuwo adzabwere adzagwadire ine, aone ngati ndimatseka mlandu."